Zimene a Efulemu Ankapeza M'chifu cha Mbuzi

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse pa a Efulemu Chimbalanga. Munthu amene ankatha tsiku lathunthu osalankhula mawu okwana khumi, analephera bwanji kukhala chete pa tsiku limodzi lokha limene kukhala chete kukanawasungira nyumba? Ine ndine mphunzitsi. Ndinawadziwa zaka khumi ndi chimodzi chifukwa ndimagula zam'kati pa msika wa Mitundu, koma sindinganene kuti tinali pa ubwenzi. Sindikulemba kuti ndiwatamande. Ku sukulu ku Likuni anatiphunzitsa kuti munthu akagwira bwino ntchito yake wangochita zimene amayenera kuchita.

A Efulemu anali otsuka zam'kati. Kuseri kwa butchala ya a George kunali mwala waukulu wosalala, mabeseni awiri ndi mpanda wa waya. Mbuzi ikaphedwa, nyama inkapita kutsogolo kukapachikidwa, chifu ndi matumbo n'kupita pa mwalapo. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera kuno ali mnyamata kudzalima fodya pa esiteti ngati tenanti, ndipo fodya atawakana anakwatira a Felesiya m'mudzi wina cha ku Nathenje, nakhala pa chikamwini. Munda unali wa akazi awo, malo a nyumba a akazi awo, ndipo ana atatu amene anabereka anali mbumba ya alamu awo, a Jeremiya, mchimwene wa a Felesiya. Zimenezi a Efulemu sankadandaula nazo. Ankapalasa njinga kupita ku Mitundu m'mamawa, kubwerera madzulo, n'kupereka moni kwa aliyense womuyenera.

Majumbo a pulasitiki anayamba kuwapeza m'zifu za mbuzi limodzilimodzi. Patapita zaka, m'chifu cha mbuzi zina munkatuluka chinthu cholimba chonga mpira wachikulunga, chopotana ndi zingwe. Sankataya pansi, poti mbuzi ina ikanatolanso. Ankamasula, kutsuka, kuyanika pa waya, madzulo n'kuwotcha. Tsiku la msika mpandawo unkaoneka ngati wa banja la ana ambiri litachapa.

Poyanika choncho anafika pomadziwa kumene mbuzi yachokera. Ya pafupi ndi sukulu inkakhala ndi timachubu ta zoziziritsa kukhosi zimene ana amayamwa. Ya ku maesiteti, ulusi wa matumba a feteleza. Ya pa malo okwerera basi, majumbo a buluu onunkhira tchipisi. Kenako manja awo anaphunzira kumva zinthuzo mbuzi ikadali moyo. Ankaima kumanzere kwake, kukankha ndi chibakera kuseri kwa nthiti, n'kupendeketsa mutu ngati akumvera wailesi ya mabatire otha. Akatero ankangoti "Ili bwino," kapena "Ili ndi katundu." Amayi ogula mbuzi zoweta anawatcha a Sikani, poyerekeza ndi makina ounikira amayi oyembekezera ku chipatala. Ogulitsa mbuzi anali ndi mayina ena amene sindilemba pano.

Chaka chatha, chimanga chitakololedwa ndipo mbuzi zitamasulidwa kuti zidziyendera zokha, a Efulemu anapeza chinthu chimene sanachidziwe. Kanali kakapu ka pulasitiki, kocheperapo pa kopimira feteleza, kophwanyika ndi mano, kokhala ndi chivindikiro chonyezimira ngati pepala la m'paketi ya ndudu. Tsiku lina anapeza tiwiri, sabata yotsatira tambiri m'chifu chimodzi. Anakatsuka kamodzi n'kumayenda nako m'thumba la malaya. A George anati ndi ka mankhwala a m'maso. Wogulitsa mafoni anati ndi ka mu injini ya njinga yamoto. Atandionetsa ine ndinakazindikira, chifukwa ndinakaonapo ku ofesi ya mwana wa mlongo wanga m'tauni. Ndinawafotokozera kuti mumakhala khofi wokwana munthu mmodzi, amakaika m'makina, madzi otentha n'kudutsamo, basi kathera pomwepo.

"Ndiye aliyense amaphika wakewake, aphunzitsi?"

Ndinavomera.

"Kakapuko n'kutaya?"

Ndinati kamagwira ntchito kamodzi kokha. Anakatembenuza m'manja nthawi yaitali.

"M'nyumba imeneyo muli chidani," anatero, nakabweza m'thumba.

Kumene timakaputo tinkachokera anakupeza osafufuza. Lamulungu lina masana anaona a Felesiya akupimira mchere ndi kakapu komweko. Atafunsa, anauzidwa kuti achimwene ali nato mulu wonse ku dimba. Panali malo ena ogona alendo m'mbali mwa msewu wa ku Dedza amene ankasowa kotaya zinyalala, ndipo a Jeremiya, atamva kuti zotsalira za khofi ndi manyowa abwino, ankapita ndi ngolo kukazitenga ulere. Poyamba ankang'amba kakapu kalikonse n'kukhuthula za m'katimo, koma ntchitoyo inawatopetsa, ndiye ankangothira zonse pamodzi kuseri kwa dimba, zosakanikirana ndi makombo a mpunga ndi buledi. Ku dimba la alamu mkamwini sapitako asanaitanidwe, n'chifukwa chake a Efulemu sanauone muluwo. Mbuzi za m'mudzi sizinkadikira kuitanidwa.

Anatuma mawu kudzera mwa akazi awo, monga kuyenera, kuti muluwo ukwiriridwe. Yankho linabwera njira yomweyo. A Jeremiya anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo anawonjezera kuti tomato wawo sanaberekepo chotero chiyambire. Za tomatozo zinali zoona.

Pofika mwezi wa Okutobala mbuzi za a Jeremiya zinali zitasintha. Mimba zinali zotupa, misana yakuthwa, ndipo zinkangoima pa mthunzi osabzikula. Imodzi inafa. A Jeremiya anaganiza zogulitsa zisanu zotsalazo msanga, ndipo anafuna kuzigulitsa ngati zoweta, poti mimba yotupa imakopa munthu wofuna mbuzi yoti idzaswe. Anaitana mlongo wawo n'kumuuza kuti tsiku la msika alamu adwale malungo. Akalephera kudwala, pakamwa pawo patuluke mawu awiri okha, akuti ili bwino. Kupanda kutero adzakumbukire kuti ku Phalombe basi zimapita tsiku lililonse.

A Felesiya anawachonderera amuna awo kuti agone kunyumba tsiku limenelo. A Efulemu anati zam'kati sizidzitsuka zokha, ndipo kunama kuti akudwala n'kuitana matenda. Koma analonjeza kuti kumalo ogulitsira mbuzi sapondako phazi. Adzakhala pa mwala pawo, manja ali m'beseni, kuyambira m'mawa mpaka msika utatha.

Lonjezolo analisunga. Chimene sanachiganizire n'chakuti mbuzi ili ndi miyendo.

Dzuwa lili pamutu anafika mayi wina, a Eneless, wamasiye wa cha ku Diamphwe, amene amayi anzake a ku tchalitchi anamuthandiza kuti ayambe kuweta. Anali atakonda msoti umodzi wa a Jeremiya, koma anati sagula a Sikani asanaugwire. A Efulemu anati manja awo ndi akuda. Mayiyo anatunga madzi ndi kapu n'kuima chogwadira kuti awathirire. A Efulemu anati mbuziyo ndi ya pachibale, si bwino kuti iwo alowererepo. Apa a Jeremiya, amene anali atabwera ndi mbuziyo pa chingwe mpaka pa mwalapo, analankhula mokweza kuti anthu amve.

"Aloleni aigwire, mayi. Awa ndi alamu anga, amadya kwathu. Gwirani, alamu."

A Efulemu anasamba m'manja pang'onopang'ono, chala ndi chala. Anaima kumanzere kwa mbuziyo n'kukankha. Pansi pa chibakera chawo panamveka kukhuchuka kwa majumbo kumene ankakudziwa bwino, ndipo pansi pa kukhuchukako panali tinthu tolimba tambirimbiri. Anakankhanso kachiwiri, ngakhale panalibe chifukwa. Anaganiza za khonde limene a Felesiya anali atangozira kumene, ndi za mitengo ya mapapaya imene anabzala okha kuseri kwa nyumba ndipo inali itayamba kubereka. Mawu awiri aja anali pafupi, osavuta kutchula. Anayang'ana mayiyo, amene anali atayamba kale kumasula mfundo ya chitenje chake.

"Nyama yake njabwino, mayi," anatero. "Mukagula, musachedwe nayo."

Mayiyo anafunsa ngati idzaswa.

"Mimba yadzaza kale."

Panalibe amene anaseka. A Eneless anamanganso mfundo yawo, anathokoza onse awiri mwaulemu, napita kukayang'ana mbuzi zina. Nkhani ya pa msika siyenda wapansi. Panalibenso wina amene anafunsa mtengo wa mbuzi za a Jeremiya, ndipo dzuwa litapendeka amene anazitenga ndi a George, pa mtengo umene obutcha amagulira mbuzi yowonda.

Zikanathera pomwepo, mwina nkhaniyo ikanatha ndi kusalankhulana kwa mwezi umodzi. Koma a George anapha ziwiri tsiku lomwelo, ndipo zifu zake zinapita kumene zifu zimapita. A Efulemu anang'amba, anatulutsa za m'katimo, anatsuka, n'kuyanika pa waya. Timakaputo anatikoleka kamodzikamodzi pa minga ya wayayo, ndipo tinadzaza mzere wonse wapamwamba, tikunyezimira. A Jeremiya anali akadali pomwepo. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anafunsa ngati mbuzi za ku Nathenje zimamwa khofi wake ndi mkaka kapena wopanda. Wina anayankha kuti mkaka zimakhala nawo kale.

Pambuyo pake a George anawafunsa a Efulemu chifukwa chimene sanabisire zinthuzo m'thumba tsiku limodzi lokhalo. A Efulemu anati sanaganizeko. Manja anangochita zimene amachita masiku onse.

Lamulungu lotsatira, anthu atatuluka m'tchalitchi, ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Panalibe kukalipa. A Jeremiya anati za mbuzi sakudandaula, mbuzi zimafa, zimagulidwa. Chimene chinawapweteka ndi waya. Anati munthu amene wadya m'mudzi muno zaka makumi awiri ndi zinayi wawayanika pa msika ngati kabudula. Ankhoswe anagamula kuti a Efulemu apepese ndi nkhuku, ndiponso kuti tsiku la msika akanene pamaso pa anthu kuti zifu zija zinasokonekera, sizinali za mbuzi za alamu awo. A Felesiya anati chigamulocho n'chopepuka, ndipo anasankha okha tambala wamkulu pa khomo.

M'mawa mwake a Efulemu anapita kwa a Jeremiya, tambala ali m'khwapa. Ananjuta pa khonde n'kumupereka ndi manja awiri.

"Nkhuku nayi, alamu. Pa waya paja ndinalakwa, mundikhululukire. Koma zifu zija zinali za mbuzi zanu."

A Jeremiya analandira tambalayo, anamuyeza kulemera kwake m'manja, n'kumupereka kwa akazi awo. Kenako anati pamalo pamene pali nyumba ya mlongo wawo akhala akufuna kulimapo mtedza kuyambira kalekale, ndipo mlongo wawoyo angathe kukhala m'nyumba ya malemu mayi awo, imene ndi yokwana munthu mmodzi. Ananena zimenezi mofatsa, akuyang'ana kumwamba ngati mvula ili pafupi.

A Efulemu anathokoza, nabwerera. Masana onse anakhala akukonza chitseko cha khola la nkhuku chimene chinkavuta kutseka. Anatuma mawu kwa mwana wawo wamkulu, Tikondane, amene anakwatiwa ku Likuni, kuti azibwera kudzaona amayi ake. Kwa a George sanatume mawu alionse. A George anadikira misika iwiri, kenako analemba munthu wina, amene amangotaya za m'chifu mu ngalande. Ngolo ya a Jeremiya ikupitabe kukatenga zinyalala Lachisanu lililonse. Iwo tsopano alibe mbuzi, ndiye vuto saliona.

A Efulemu ananyamuka Lachiwiri dzuwa litatuluka, aliyense akuona. A Felesiya anawamangira chinangwa chophika m'kansalu, nawaperekeza mpaka pa mlatho. Ku Phalombe sanafikeko, abale awo anaimba foni kufunsa. Wina anati anawaona pa Diamphwe akuyang'ana mbuzi za eni ake. Wowotcha makala wina anati anakumana nawo pa njira ya ku Dzalanyama akukankha njinga. Ndinakumana ndi a Felesiya ku chigayo patapita miyezi iwiri, ndipo ndinawafunsa ngati amuna awo ananena kumene akupita.

"Sindinawafunse, aphunzitsi," anatero, akupukuta ufa m'manja. "Akanandiuza zoona. Ndiye achimwene akanadzandifunsa ine."