Timu ya Chigayo Ndinaigula pa Foni

Ndinaganiza zochoka tsiku limene amayi anandipempha mankhwala a shuga, ine n'kuwayankha kuti adikire mwezi uthe. Ndinali namwino pachipatala chaching'ono kwathu ku Dowa, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti shuga sadikira malipiro a munthu. Mnzanga wina anali atandinong'oneza kale kuti ku Maryland, ku America, kuli ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndinakauza achimwene anga a Lemani pabwalo la mpira kuseri kwa chigayo. Ndinawapeza atawerama, akuthira phulusa m'mizere ya bwalo, ntchito imene akhala akugwira ndisanathe msinkhu. Iwo ndiwo kochi wa timu ya Chigayo, ndiwonso amasoka mpira ukang'ambika. Sanaweramuke n'komwe. Anangoti, "Pita, Esinati. Amayi tiwaona ndife."

Ndinafikira ku Germantown, m'chipinda cha pansi pa nyumba, chimene ndikukhalamo mpaka lero ndi mayi wina wa ku Lusaka, amake Mwila. M'mawa uliwonse ndimayendetsa kagalimoto kanga kupita kuntchito ku Greenbelt. Ndalama zilipo, ndisaname. Mankhwala a amayi sanathenso, nyumba inafoleredwa malata, ana a achimwene sanabwezedweko kusukulu. Koma kusungulumwa kwa kuno n'kwina. Umatha sabata yathunthu osamva munthu akutchula dzina lako mmene limatchulidwira. Ndinkapezeka ndikuyankhula Chichewa ndi makina ochapira.

Amayi anamwalira m'chaka changa chachisanu. Mapepala anga ondilola kukhala kuno anali asanatuluke, ndipo loya anandiuza mosabisa kuti ndikangotuluka m'dziko muno sindibwereranso. Maliro ndinawaonera pafoni, ndili m'galimoto panja pa nyumba ya wodwala wanga. Chithunzi chinkaduka-duka, kenako chinazimiratu anthu akunyamula bokosi. Ndinalira ndekha mawindo ali chitsekere, ndinapukuta m'maso, n'kulowa kukasambitsa munthu. Kuyambira pamenepo mauthenga a achimwene anafupika. Ndikatumiza kanthu ankangolemba kuti "Talandira." Sanandinenepo choipa. Koma ndinkaopa kuti ndataya mlongo wanga, ndipo amayi atapita, iwo ndiwo anali kwathu konse kumene ndinatsala nako.

Wodwala wangayo ndi mdala wina wachizungu dzina lake Walter. Miyendo inamukana, koma pakamwa ndi pa mnyamata. Masana aliwonse tikatha kudya ankaonera pa TV pulogalamu yake yapamtima, nkhani yeniyeni ya akatswiri awiri a mafilimu amene anagula katimu ka mpira kovutika m'tauni ina kutsidya la nyanja. Poyamba ndinkangoonera cham'mbali ndikupinda zovala. Kenako inandigwira. Anthu aja mpira sankaudziwa, tauniyo sanabadwiremo, koma akangotsika galimoto anthu ankawaimbira, azimayi okalamba n'kumawakumbatira akulira. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni yotentha pamtima. Alendo akulandiridwa chonchi kwa eni ake, ine mwana wobadwira pa Chigayo ndikungolandira "Talandira."

Tsiku lina Walter anandifunsa m'Chingerezi chake chothamanga ngati kwathu kulibe katimu kotere. Ndinati kalipo. Anaseka n'kunena kuti, "Ndiye ukudikira chiyani? Kagule."

Iye ankangocheza. Wopusa ndinali ine amene ndinazitenga.

Ndinagula majezi, nsapato, mipira, maukonde a m'magolo, n'kutumiza pa anthu opita kumudzi. Ndinatsegula gulu pafoni, ndinalowetsamo osewera onse ndi achimwene, ndipo pafupi ndi dzina langa ndinalemba kuti mwini timu. Anyamata anayamba kunditcha Madamu. Ankanditumizira mawu othokoza, ine n'kumawabwereza m'galimoto ulendo wonse wa ku Greenbelt, ndikumwetulira ndekha pamzere wa magalimoto. Zinandikwera m'mutu. Timu itagonja katatu motsatizana, ndinakumbukira kuti akatswiri a pa TV aja anabweretsa kochi watsopano. Ndinalemba pagulu, pamaso pa ana amene achimwene anawaphunzitsa kumenya mpira ali opanda nsapato, kuti timu ikufunika kochi wa satifiketi. Sipanathe mphindi, foni inandiuza kuti a Lemani atuluka pagulu.

Amake Mwila atamva anaika supuni pansi. "Iwe Esinati, uja ni mukulu wako, si wanchito wako," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. Ndinawayankha kuti achimwene ndi a nsanje basi. Mumtima ndinkadziwa kuti ndalakwa, koma kupepesa pafoni kunkandilemera.

Mapepala anatuluka patatha zaka zitatu amayi atagona. Ndinakonza ulendo wanga ngati filimu. Ndinasankha kufika Loweruka la masewero. Ku Lilongwe ndinalemba ganyu bambo wina wa kamera kuti ajambule zonse, ndikamuonetse Walter. Ndinavala thalauza ndi jezi yatsopano, masutikesi awiri odzaza yunifomu ali kumbuyo, ndipo ndinauza dalaivala kuti asakhotere kunyumba, alunjike kubwalo.

Apa ndiye pamene sindidzimvetsa mpaka lero. Mwambo ndimaudziwa. Kwathu munthu amene sanalipo pamaliro a kholo lake, akabwera amayamba kulira ali panjira, katundu asanatsitse. Anthu amatuluka kudzamugwira, amakhala naye pansi, kenako amamuperekeza kukaona pamene anagoneka malemu. Asanatero sanafike, ngakhale akhale pakhomo. Ine ndemwe ndinagwirapo anzanga otero kangapo. Koma ndinadziuza kuti ndinalira kale m'galimoto muja, kumanda ndidzapita Lolemba zochita zikachepa.

Pabwalo panali anthu ambiri, koma nditatsika palibe anaimba. Ndinakweza manja, wa kamera ali patsogolo panga akuyenda chafutambuyo. Azimayi amene ndinakula nawo anayang'ana pansi. Osewera anaima chilili pakati pa bwalo. Achimwene anabwera pang'onopang'ono, wezulo ili m'khosi, imvi zili mbuu kumutu, zimene pafoni sindinazione.

"Mwafika, abwana a timu?" anatero.

"Achimwene, ndine Esinati."

"Esinati tikumudikira. Sanafikebe."

Ndinachita manyazi, ndipo manyazi anga amasanduka mkwiyo msanga. Ndinatsegula sutikesi pomwepo n'kuitana anyamata kuti adzatenge yunifomu. Palibe anasuntha. Kenako Yohane, goloboyi wathu, mwamuna wamtali wa ana atatu amene amagulitsa nyama pamsika, anavula magolovesi, ananjuta pang'ono n'kunena motsitsa mawu.

"Anti, musatimve molakwa, zonse munatumiza tinathokoza. Koma sitingavale izi musanakaone pamene tinakumba."

"Munakumba ndinu?"

"Ndife. Pamudzi pano adzukulu ndi timu yomweyi. Tsiku limenelo tinali ndi masewero a ligi, sitinapite."

Anandiuzanso, chifukwa ndinafunsa, kuti miyezi yomaliza ankasinthana kunyamula amayi panjinga kupita nawo kuchipatala, wina Lolemba, wina Lachinayi, malinga ndi mmene achimwene agawira pambuyo pa zolimbitsa thupi. Pagulu lathu lija, pamene tinkakambirana za mitundu ya masokosi, palibe anazitchulapo. Zotero kwathu sizinenedwa.

Ndinauza wa kamera kuti azimitse chinthu chakecho. Mayi wina amene sindinamuzindikire n'komwe anamasula chitenje chake chapamwamba n'kundimanga nacho pathalauza paja. Tinanyamuka, achimwene patsogolo, osewera pambuyo, nsapato za mpira zili gogogo panjira youma. Kulira sindinachite kukuyamba. Tinangodutsa chigayo, ndinaona denga la malata la nyumba ya amayi chitseko chili chotseka. Ndinaitana amayi mokuwa ngati mwana wotayika pamsika. Azimayi aja anandigwira uku ndi uku, nawonso anayamba, ndipo ndinazindikira kuti kulira kwa m'galimoto kuja kunali kusanathe, kunalibe wondigwira.

Manda a amayi anali mulu wa dothi chabe, wosesedwa bwino m'mbali. Ndinadabwa, chifukwa ndalama za chiliza ndinali nditatumiza kalekale, ndipo mumtima ndinkaganiza zoipa za kumene zinapita. Nditatonthola ndinafunsa. Achimwene anakhala pansi pafupi nane, koyamba m'zaka zisanu ndi zitatu.

"Mwala uli m'nyumba, kuseri kwa chitseko, dzina linalembedwa kale," anatero. "Anthu andinena kuti ndinadya. Koma ndikanamanga bwanji iwe usanaone dothi? Ukanapeza simenti, ukanalira chiyani?"

Ndinawapepesa za kochi wa satifiketi zija. Anapukusa mutu n'kunena kuti wa satifiketiyo nayenso abwere adzathire phulusa, aone ngati msana wake ungapirire. Anthu anaseka pang'ono pamanda pomwepo, ine ndikuseka ndi mamina.

Titabwerera kubwalo dzuwa linali litapendeka. Timu ya alendo inali itakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi woimbira, maola awiri athunthu. Palibe anadandaula kapena kufuna mapointi aulere. Kaputeni wawo, munthu amene sindinamuonepo chibadwire, anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Pepani ndi zovuta." Anyamata athu anavala yunifomu ija, ndipo anagonja. Mpando umene ndinalamula pafoni kuti andikonzere sindinaukhale. Ndinakhala pansi ndi azimayi, chitenje cha eni ake chili m'chiuno.

Ndinabwerera ku Germantown patatha mwezi, chiliza titamanga. Walter anafuna kuona filimu yake. Ndinamuonetsa kachidutswa kokhako kamene kanajambulidwa, mayi wonenepa atakweza manja pakati pa anthu oyang'ana pansi. Anandifunsa ngati anthu a kwathu sanakondwe ndi mwini timu wawo. Ndinayesa kumufotokozera, Chingerezi chinandithera. Zaka zitatu ndinkaganiza kuti kwathu ananditaya, ndiye ndinkafuna njira yogulira malo anga. Malowo sanapite kulikonse. Achimwene analolera kutchedwa wakuba pamudzi ponse, kuti ine ndidzapeze dothi la amayi likadali poyera.