Tsiku lomwe azakhali anadzibaya okha jakisoni

Inu amene mukuona ngati palibe akukuonani, imani kaye ndikuuzeni za azakhali anga kkkk

Bambo awo, agogo anga, anagwa pa geti akuchokera ku ntchito. Mtima. Munthu wowonda ngati ndodo ya tsache! Abale anangoti ndi tsoka, maliro atatha aliyense kwawo. Azakhali anatsala okha ndi funso: munthu wowonda chonchi mtima ungaime bwanji?

Funso limenelo linawakoka mpaka mu labu, kufufuza mafuta a m'magazi amene amatseka mitsempha, ati kolesterolo. Koma ntchito yake kusungulumwa eeh. Kachipinda kopanda zenera, filiji ikungolira, nkhomaliro kudya okha choimirira. Kwathu anawapatsa dzina loti Amafuta. Pa ukwati palibe wofuna kukhala nawo pafupi, ati amasuzumira m'mbale za anthu kkkk

Anaitana anthu adzayezedwe m'mawa asanadye kanthu. Sanabwere ndi mmodzi yemwe. Mchimwene wawo, amene ndi adadi anga, anaseka pafoni: "Iwe Amafuta, ine ndi mimba yomwe ndilibe. Kayeze mabwana ako onenepawo."

Ndiye kunabwera mashini atsopano, ofunika kuyesera magazi a munthu wabwinobwino. Munthu palibe. Anapinda malaya n'kudzibaya okha.

Nambala inatuluka yokwera koopsa. Anati mashiniwa ndi akufa. Anatsuka, kuyesanso. Yomweyo. Anakhala pansi pa simenti, filiji ikulirabe, woti amuuze palibe. Kani mafutawo ndi akumtundu, ochokera kwa bambo awo, sasankha wonenepa kapena wowonda. Ndiye mchimwene wawo bwanji?

Kutacha anagogoda kwathu, jakisoni ali m'chikwama. Adadi akuti amwe tiyi, azakhali analanda kapu.

"Achimwene, atate ndinaika m'manda. Inu ayi. Bweretsani mkonowo."

Adadi, ndevu zonse zija, anatsinzina ngati mwana wa kusikelo kkkkk

Nambala yawo inaposa ya azakhali!! Pano amamwa mankhwala, amayenda wapansi, ndipo ali moyo, akundikalipira kuti ndisiye foni. Ku labu kuja mzere umafika panja, owonda ndi onenepa omwe.

Azakhali amadyabe okha choimirira. Koma nthawi ya nkhomaliro foni imalira, ndi adadi: "Amafuta, wadya?"

Ndiye iwe amene ukugwira ntchito yako wekhawekha anthu akukuseka, usaisiye. Pali wina amene adzakhale moyo chifukwa sunatope.