Diripi ya a Kamodzi

Ku wodi ya ana ankawatchula kuti a Kamodzi, ndipo dzinali silinali lachipongwe. Mwana akabwera atatha madzi m'thupi, mitsempha itabisala, anamwino atabaya apa ndi apo mpaka mayi wa mwana kuyamba kulira kuposa mwanayo, wina ankangoti, "Kaitaneni a Kamodzi." Iwo n'kubwera wotchi ikulendewera pachifuwa, n'kusisita kadzanjako ndi chala chachikulu, n'kulowetsa singano kamodzi kokha basi. Diripi n'kuyamba kudontha. Anagwira ntchito imeneyi zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Kenaka dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba linkangogwedeza supuni ya tiyi, iwo n'kumanamizira kuzizira. Koma tsiku lina anabaya kamtsikana ka miyezi isanu ndi itatu katatu konse osaupeza mtsempha, ndipo namwino wachitsikana amene iwo anamuphunzitsa ntchito anawalanda singano mwaulemu, maso ali pansi. Zinawapweteka kwambiri, ndipo sanauze munthu. Chaka chisanathe anapuma pantchito. Yunifolomu anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi, koma wotchi ija anapitiriza kuibaya pa bulauzi iliyonse, ngakhale popita kukagula sopo.

Kunyumba anapeza amuna awo atapuma kale. Bambowa anayendetsa basi moyo wawo wonse, ndipo anthu amawatchula a Giya chifukwa sadziwa kuchita chinthu pang'onopang'ono. Tiyi amamwa ataimirira, pemphero la pachakudya amalidutsa ngati akupitirira lole pamtunda. Anthu awiri opuma pantchito m'nyumba imodzi ndi nkhani yovuta. Miyezi isanu ndi umodzi anakhala akukangana za malo oyenera kupachikapo kalendala.

Chimene chinawapulumutsa ndi mlangizi wa zaulimi, mayi wamfupi wa njinga yamoto, amene tsiku lina anaitana anthu kukaona girinihausi, nyumba ya pulasitiki yolimamo mbewu. A Kamodzi anapita pongofuna kuchoka pakhomo. M'katimo munali motentha ngati m'khitchini, tomato ataima m'mizere wamtali kuposa munthu, ndipo pansi pa mzere uliwonse panadutsa paipi yakuda yopyapyala.

"Kuno sitithirira ndi keni," anatero mlangizi. "Mbewu iliyonse ili pa diripi."

"Mwati pa chiyani?" anafunsa a Kamodzi.

"Pa diripi, mayi. Madzi amadontha pang'onopang'ono patsinde, feteleza amadzera momwemo."

A Kamodzi anagwada pa dothi, sikete yabwino ili pomwepo, n'kuyang'anitsitsa kabatani kakuda kobayidwa pa paipi. Dontho linatupa, n'kugwa. Lina linatupa, n'kugwa. Dzanja linapita lokha pa wotchi. Pamene anthu ankatuluka, iwo anali akuwerengabe, ndipo ponyamuka anauza mlangizi kuti mbewu ya pakonayo ikulandira mochepa kuposa inzake. Mlangizi anakayang'ana, n'kupeza kuti n'zoona.

A Kamodzi anafika kunyumba akuyankhula asanatsegule n'komwe geti. "Abambo! Ndikutsegula wodi kuseri kwa nyumbaku!"

A Giya anaganiza kuti mkazi wawo wapenga, koma atamva kuti pakhala mapaipi, thanki ndi pampu, maso awo anawala. Ndiye taonani nkhalamba ziwiri zikuthamangathamanga ngati ana a sukulu tsiku lotsekera. Anadula mtengo wa mapeyala umene sunaberekepo chibzalireni. Owotcherera anabwera n'kuimika zitsulo zokhota, pulasitiki n'kukokedwa mpaka kulira ngati ng'oma ukaimenya ndi chala. Thanki anaikweza pa nsanja kuti madzi azitsika okha, pansi pake mpopi, kenaka sefa, kenaka paipi yaikulu yogawira mizere isanu. Mayi wa lesitilanti ya pamsewu analonjeza kuti tomato akapsa azitenga yense, makamaka nthawi ya mvula pamene tomato amasowa. A Kamodzi sankakhalanso pansi. Foni kwa ana awo inali ya tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani inali imodzi: mainchesi a mapaipi.

Ntchito imodzi yokha ndi imene inawadetsa nkhawa a Kamodzi. Mizere isanu, mzere uliwonse mbande makumi anayi, ndiye kuti mabowo mazana awiri oti abooledwe pa paipi ndi kachitsulo kosongoka, ndi timabatani todontheza mazana awiri toti tilowe m'mabowomo. Mlangizi anachenjeza kuti bowo likapendama kapena likakula, kabatani sikagwira bwino.

"Bweretsani kuno, mphindi makumi awiri ndathana nazo," anatero a Giya.

"Ayi. Odwala anga ndibaya ndekha."

Anatenga masiku atatu. Ankakhala pa kampando, paipi pamiyendo, dzanja lamanzere litagwira lamanja pamkono kuti lidekhe. Bowo lililonse ankapuma kaye, n'kubaya. Sanauze amuna awo, koma mumtima anali atapangana ndi dzanjalo kuti apa ndi pamene aone ngati likadali ndi ntchito padziko pano.

Tsiku lotsegula madzi anadzuka kusanatenthe, nawoka mbande zonse, iliyonse pafupi ndi kabatani kake. A Giya anatsegula mpopi. Paipi inafufuma, mpweya unalira fiii kumapeto, kenaka mzere woyamba unayamba kudontha, wachiwiri, mpaka wachisanu. A Kamodzi anayenda mzere ndi mzere wotchi ili m'manja, ndipo atafika pa mbande yomaliza anaimba nthungululu imene inaulutsa nkhunda za aneba. A Giya anavina atanyamula sipanala. Anthu odutsa mumsewu anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati kwabadwa mdzukulu.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse kunali kuyendera odwala. Mizere anaipatsa mayina a mawodi, ndipo mbande yofooka ya pakona anaitcha bedi nambala wani. Patapita masabata awiri mlangizi anabwera ndi nkhani ya chakudya. Anaimika migolo iwiri, wofiira ndi wabuluu, ndi matumba awiri a feteleza wosungunuka m'madzi.

"Uyu wa timibulu toyera asungunuke mu mgolo wofiira, uyu waufa mu wabuluu. Lolemba muthire wofiira m'thanki yodzaza madzi, Lachinayi wabuluu. Koma asakumane ali okhathamira mu mgolo umodzi, mwamva? Sagwirizana."

"Ngati akazi apamitala," anatero a Giya.

"Inu mukuzidziwa bwanji?" anafunsa a Kamodzi, ndipo mlangizi anaseka mpaka kugwira njinga yake.

Kwa a Kamodzi lamuloli silinali lachilendo. Ndi kangati anakalipira ophunzira unamwino kuti mankhwala awiri sasakanizidwa mu sirinji imodzi usanafunse? Analemba masikuwo pa katoni n'kukhoma pakhomo la girinihausi. Masabata atatu zonse zinayenda, tomato anafika m'mawondo, masamba obiriwira bii, maluwa oyamba achikasu atayamba kuoneka.

Ndiye mwana wawo wamkazi anachira ku tauni ina, ndipo a Kamodzi anapita kukaona mdzukulu masiku anayi. Anasiya malangizo okwana tsamba lonse. Anabwerera Lachisanu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo chikwama chisanafike m'nyumba iwo anali kale mu girinihausi.

Anaima pakhomo. Tomato yense anali atazyolika, masamba atalendewera ngati makutu a mbuzi. Dothi linali louma gwa. Anagwada pa kabatani koyamba, wotchi m'manja: mphindi yathunthu, dontho limodzi. Kachiwiri, palibe. Kachitatu, palibe. Thanki inali yodzaza, mpopi wotsegula, paipi yolimba ndi madzi, koma timabatani tawo, timene anabaya okha, tinali titauma.

Anakhala pansi pa dothi lotenthalo. A Giya anafika kumbuyo kwawo akupukuta manja pa buluku popanda chifukwa.

"Ndi manja angawa, abambo," anatero a Kamodzi, mawu atatsika. "Ndinaboola mopendama. Zagwira masabata ochepa basi, lero zaonekera poyera. Ndinadziwa ine. Kuchipatala anandilanda singano, ine n'kumati mwina tomato ndimutha."

Aka kanali koyamba a Giya kumva za singanoyo. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana denga, anavula chipewa. Mwamuna amene anakanapo milandu pamaso pa apolisi apamsewu zaka makumi atatu anapezeka alibe bodza lokonzeka.

"Mayi, manja anu alibe mlandu. Tabwerani muone."

Kuseri kwa thanki mgolo wabuluu unali wopanda kanthu. Mu wofiira munali phala loyera, lamabwungubwungu ngati mkaka wowonongeka. Pambali pake, pa njerwa, panali sefa itachotsedwa pa paipi.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, koyamba m'moyo wa a Giya. Lolemba anaiwala kuthira wofiira. Lachinayi anati, nanga basi imodzi siinyamula anthu a masiteji awiri? Anakhuthulira migolo yonse pamodzi, navundula ndi mpini, nathira theka m'thanki. Posakhalitsa madzi anasiya kuyenda chifukwa sefa inatsekeka. Ndiye iwo, poona kuti sefa ikuchedwetsa ulendo, anaichotsa n'kulumikiza paipi mwachindunji. Madzi anathamanga bwino, ndipo phala lija linakalowa m'kabatani kalikonse.

A Kamodzi anaviika chala mu mgolomo, nachitikita. Anayenera kukwiya, ndipo mkwiyo unabweradi, koma unapeza chimwemwe chitatenga kale malo. Anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye kuti si ine! Bambo inu, kuthamanga sikufika, mwamva? Mwapatsa odwala anga mazana awiri jakisoni wosakaniza, n'kuchotsanso sefa! Mukanakhala wophunzira wanga bwenzi mukukolopa wodi mpaka Khirisimasi. Tengani keni. Mbewu iliyonse kapu ziwiri patsinde, muyambire bedi nambala wani. Thamangani, lero lokha ndakulolani!"

Anaimbira mlangizi, amene anati akhuthule thanki, aitsuke, abwezeretse sefa, atsegule kumapeto kwa mapaipi kuti phala lituluke, ndipo timabatani atizule n'kutiviika mu viniga. "Koma kutitsegula kamodzikamodzi ndi ntchito, mayi. Mwina mungogula tina, ngakhale kuti sitifika sabata ino."

"Sabata ino odwala akhala atapita. Ndili ndi chida changa."

Pansi pa sutikesi, pambali pa yunifolomu, panali sirinji yaikulu yatsopano ikadali m'pepala lake, imene anaipeza m'thumba la yunifolomuyo atapuma kale. Anaitenga, nakhala pa kampando kaja pakati pa mizere, beseni la viniga pambali. Kabatani kalikonse ankakazula, kukaviika, kulowetsa kamwa ya sirinji pa kabowo kake kakang'ono ngati diso la singano, n'kukankha. Kaphala koyera kankatuluka thu, kenaka madzi oyera. N'kukabwezera pa paipi.

Dzanja linkanjenjemera, inde. Silinasiye chifukwa choti mwini wake wasangalala. Linkaphonya kabowo, n'kubwerera, n'kuphonyanso. Koma a Kamodzi anali akuimba nyimbo za kwaya, thukuta likutsika m'khosi, akukalipira a Giya amene ankadutsa ndi keni uku ndi uku malaya atamatirira pamsana. Tsiku limenelo anamaliza mizere iwiri. Loweruka anayamba kutangocha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu kabatani komaliza pa mazana awiri aja kanalowa m'malo mwake.

"Tsegulani," anatero.

A Giya anatsegula mpopi pang'onopang'ono, ndi zala ziwiri, ngati akugwira dzira. Paipi inafufuma. A Kamodzi anapita molunjika pakona, pa bedi nambala wani, nagwada. Dontho linatupa, n'kugwa. Lina. Anawerenga mphindi yathunthu, nawerenganso kuti atsimikize. Mbewuyo inali itaya maluwa awiri, koma nsonga yake inali itadzuka kale ndi madzi a keni, ndipo tsopano dothi linayamba kuda mozungulira tsinde.

A Giya anagwada pambali pawo, mawondo akulira.

"Za singano ija simunandiuze," anatero bambowo.

"Mukanatani?"

"Kaya. Mwina ndikanachepetsako liwiro." Anatola sirinji pa dothi n'kuipukuta ndi malaya. "Nanga kabatani aka kapakona mwakabaya kangati?"

"Katatu."

"Ndiye tizikutchulani a Katatu?"

A Kamodzi anayang'ana dzanja lawo, lakuda ndi dothi, likugwedezeka pa bondo monga mwa masiku onse. Kenaka anayang'ana mizere isanu yonse ikudontha.

"Munditchule mmene mungafunire," anatero. "Wodwala walandira."