Vaselini pa Galasi la Droni

Kanema wa ukwati wa msuweni wanga Chikondi anatuluka ngati wojambulidwa m'nkhungu chifukwa ndinapukuta galasi la kamera ya droni ndi chala cha vaselini. Mpaka lero pabanja palibe akudziwa.

Unali mwezi wa Juni ku Zengeza 3, kukuzizira, manja anga atachita ming'alu. Ndinadzola vaselini wambiri, ndinaona kafumbi pagalasi, ndinakachotsa ndi chala, n'kuulutsa droni. Anthu anakweza mitu, nthungululu zinamveka, ine ndikuyenda modzimva ngati woyendetsa ndege.

Nditatsegula kanemayo kunyumba, mkwatibwi anali ngati mtambo wovala nsapato. Ndinatha maola atatu ndikusintha kuwala ndi mitundu. Ndinasintha kadi yosungira zithunzi. Mumtima ndinamunyoza munthu wa kumsika wa Chikwanha amene anandigulitsa kadiyo. Kenako ndinapendeketsa droni padzuwa, ndipo ndinaona chidindo cha chala changa, mizere yonse ikuoneka bwinobwino.

Azakhali, mayi ake a Chikondi, anaonera kanemayo, kenako anafunsa: "Iwe, nanga utsiwu? Tinapsereza chiyani?"

"Si utsi, azakhali. Ndi sitayilo ya m'mafilimu. Ndinachita dala."

Anayandikira kuti aonetsetse kanemayo atafika pamene droni inatsika pafupi ndi nkhope yawo. "Zoonadi. Makwinya anga onse palibe."

Auza kale amayi a kutchalitchi kwawo. Loweruka ndikukajambula msonkhano wawo, ndipo onse akufuna sitayilo yomweyo. Galasi ndinalitsuka, koma botolo la vaselini ndaliika m'chikwama cha droni.