Zidzolo za mwana wa mlamu wanga

Kuchokera ku Mphunzi mpaka ku Lobi, palibe mwamuna amene anatetezapo mwana wosabadwa mwaluso ngati ine. Ndikunena izi monga munthu amene anapondako ku koleji. Zoti ndinakhalako matemu awiri okha, ndiponso kuti ndinkaphunzira zoweta nkhuku, amakonda kuzikumbutsa ndi anthu ansanje.

Mkazi wanga anali ndi pathupi pa miyezi iwiri. Kwathu kuno mimba yaing'ono sitilengeza, timadikira kuti chitenje chinene chokha. Tinkadziwa awiri basi. Komanso ine ndine mkamwini. Nyumba yanga inayang'anizana ndi ya apongozi, amene ndikawaona panjira ndimapatukira m'chimanga mwaulemu.

M'mawa wina wa nkhungu, mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, anatulukira ndi kamtsikana kake ka zaka zitatu. Thupi lotentha, tizidzolo tofiira kumaso mpaka pamimba, kuseri kwa makutu kotupa.

"Ndisungireko uyu, ndikagulitse kabichi ku Linthipe," anauza mng'ono wakeyo. "Ndi tizidzolo chabe."

Pamenepo maphunziro anga onse anadzuka. Pakhoma la kachipatala ka ku koleji panali chipepala chimene ndinkawerenga podikira mankhwala a mutu. Chinkanena za chikuku china chofatsa, chimene mwa mwana chimangodutsa masiku ochepa, koma chikagwira mayi m'miyezi yoyambirira ya pathupi, khanda limatha kubadwa losamva, losaona bwino kapena lodwala mtima.

Kuulula sindikanatha. Mkazi wanga anali atatambasula kale manja. Ndinadumpha mtondo.

"Bweretsani kuno, alamu! Mwanayu amagwirizana ndi ine."

Mwanayo anandiyang'ana ngati sanandionepo. Mayi ake anandimangirira kumsana ndi chitenje cha maluwa achikasu, ine ulendo wa kumunda wa mbatatesi, kutali ndi mkazi wanga.

Amuna anzanga anasiya makasu.

"Akoleji! Kuyamwitsa muyamba nthawi yanji?"

"Digiri ija ndi imeneyi eti?"

"Ndi kafukufuku," ndinayankha, uku kamtsikana kakundikodzera bwinobwino, mosafulumira.

Kutacha ndinamanga nsalu m'chibwano, ndinatumiza uthenga kwa apongozi kuti dzino landivuta ndipo mwana wawo andiperekeze kuchipatala. Tinakwera njinga yamoto, ine ndikubuula mokweza mpaka titapitirira nyumba yomaliza.

"Dzino liti?" anafunsa anamwino, mayi wonenepa wa magalasi.

"Mano ali bwino onse, mayi. Nkhani ili mwa awa."

Ndinafotokoza zonse, ngakhale za chipepala chija. Anamwino anapempha buku lakale la kuchipatala. Mkazi wanga, amene sataya ngakhale chivindikiro cha botolo, analitulutsa m'pepala la shuga. Anamwinowo anatsegula, n'kuloza ndi cholembera.

"Mayi, inu munabayitsa katemera wa chikuku chimenechi muli ku pulayimale, ndiye mtima pansi. Ameneyu timabaya munthu asanatenge pathupi, woyembekezera ayi. Lero mulandira wa kafumbata, alibe vuto kwa inu ngakhale kwa mwana. Sikelo mwayamba lero lomwe. Wodwalayo abwere ndi mayi ake timuone, ndipo asamakhale nanu pafupi mpaka achire."

Mkazi wanga anapinda mkono wa bulauzi akuseka. Jakisoni analowa, iye osaphethira. Amene anatsinzina ndine.

"Nanga bambo, inu munabayitsa?"

"Tsiku la katemera ku sukulu," ndinatero, "ndinali ndi ntchito ina pamwamba pa mtengo wa mapichesi."

"Ndiye pakhomo panu amene angatole matendawa n'kuwagawa ndi inu, alonda."

Pobwerera ndinaimba nyimbo ya kwaya njira yonse, nsalu ya dzino ili m'thumba. Tinapeza apongozi akusenda nyemba pakhonde. Sanandiyang'ane, poti mwambo sulola. Anayankhula ndi nkhuku.

"Kawauzeni bambo a dzinowo kuti ife tinadziwa kale, tsiku lija mwana wathu anathawa fungo la anyezi. Akanangotuma munthu, mdzukuluyo ndikanamusunga ine."

Kamtsikana kaja kanachira sabata isanathe. Wathu anabadwa nthawi ya zokolola, wamkazi, maso gwa. Makutu ake ndiye musanene. Ndikangoti nditsegule chitini cha shuga mwakachetechete, amadzuka n'kundinenera kwa mayi ake.

Zonsezi zinandidya K4,000 ya njinga yamoto, kupita ndi kubwera.