Chingwe cha Alamu Anga a Katumbu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anali owotcherera zitsulo. Mageti, mabedi ndi mafelemu a mawindo ankatuluka m'shedi yawo ya malata kuseri kwa msika. Koma dzina limene anatchuka nalo linachokera kumadzi. Anthu ankawatchula kuti a Katumbu, chifukwa akamira ankakhalitsa pansi ngati kanyama kaja, mpaka oonerera kuyamba kuyang'anana.

Anali munthu wamfupi, chifuwa ngati mgolo, maso ofiira psuu chifukwa cha moto wa ku ntchito. Ukafuna kuwaputa unkangowatchula kuti msodzi.

"Msodzi amapempha nsomba ndi nyambo," ankatero. "Ine ndimaitsatira kunyumba kwake, n'kuiyang'ana m'maso, n'kuilasa."

Mfuti yolasira anapanga okha: thabwa lalitali, mphira wa chubu cha galimoto, ndi mkondo wachitsulo umene ankaunola Loweruka lililonse. Magalasi ovala m'madzi anachita kugula, koma zipsepse za kumapazi anadula ku chigubu cha pulasitiki. Nsomba sankagulitsa. Zina ankagawira anzawo, zina ankangozisiya pamwala zikuphiriphitha padzuwa, iwo akuziyang'ana uku akusuta.

Ankapita ku damu lalikulu lothirira minda, ulendo wa ola limodzi pa njinga yamoto. Pamene ankatseka mtsinje kalelo, madzi anameza mitengo ndi mipanda ya waya, choncho pansi pake panali nkhalango yakufa. M'menemo ndi mmene munkabisala milamba ikuluikulu.

Achemwali ankaopa madzi kuyambira ali mwana. Ngakhale powoloka mlatho ankatsinzina. Alamu ankadziwa zimenezi, ndipo atangokwatirana ananena kuti Lamlungu lililonse azipitira limodzi ku damu. Ntchito ya achemwali inali kukhala m'bwato, dzanja lina wotchi, dzanja lina chingwe chimene alamu ankadzimanga m'chiuno.

"Ndikakoka katatu, ukoke ndi mphamvu zako zonse," anawauza. "Ndikapanda kukoka, khala phee, uziwerenga nthawi."

Akavuuka, asanapume n'komwe bwinobwino, ankafunsa kuti, "Zingati?"

"Mphindi ziwiri ndi masekondi khumi, bambo."

"Wanama! Zinakwana zitatu. Kusukulu unkapitira kukasesa?"

Akatero ankagwira m'mphepete mwa bwato n'kumaligwedeza, achemwali atakakamira thabwa, mpaka atavomera kuti zinalidi zitatu.

Ine ndimameta anthu. Kanyumba kanga kometera kanali pafupi ndi shedi ya alamu, ndipo ankabwera Lolemba lililonse kudzameta ndevu. Lolemba lina, m'chaka chachiwiri cha banja lawo, analowa akuseka okha. Pabenchi panali amuna anayi akudikira. Alamuwo ndinawafunditsa nsalu, ndinawapaka thovu, ndinatenga lezala.

"Mlamu, mlongo wako dzulo wandipha ndi phwete," anayamba. "Tamverani inu nonse."

Anafotokoza kuti atamira anamasula chingwe m'chiuno n'kuchimangirira ku chitsa cha mtengo pansi pa madzi. Anachikoka katatu. Kenako anasambira chapansipansi mpaka m'bango, n'kutulutsa mutu wokha, n'kumaonerera.

"Anakoka, anakoka, mpaka zikhatho kusupuka. Akukoka chitsatu! Ndiye kukuwa kwakeko. 'Bambo! Bambo! Anthuni thandizeni!' Ine phee m'bango. Kenako mukudziwa anachita chiyani? Munthu wosadziwa kusambira anadziponya m'madzi, phava, kuti akandipulumutse ine! Ine Katumbu!"

Pabenchi paja wina anagwa chagada ndi kuseka.

"Ndinamusiya kaye amweko pang'ono kuti aphunzire. Kenako ndinakamukoka tsitsi."

Ndinafunsa kuti achemwaliwo ali kuti.

"Ali kuchipatala. Akuti m'mimba. Akazi mukuwadziwa inu."

Achemwali anali ndi pathupi pa miyezi isanu. Ndinkadziwa, ndipo alamu ankadziwa. Lezala linali pakhosi pawo penipeni, pamene mtsempha unkagunda. Ndinamaliza kuwameta bwinobwino, ndinawapukuta, ndinawathira paudala. Sindibisa, anzawo aja atayambanso kuseka, nanenso ndinatulutsa mano pang'ono, poopa kuoneka wovuta pamaso pa makasitomala.

Masana ndinatseka n'kupita kuchipatala. Ndinawapeza atagona choyang'ana kukhoma, manja onse atakulungidwa mabandeji. Namwino anandiuza pakhomo kuti pathupi paja papita padera. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kunena kuti akatuluka abwere kwathu, asabwererenso kwa munthu ameneyo. Anatembenuka.

"Achimwene, mwabweretsa sopo?"

Amayi athu anati banja ndi kupirira. Amalume anati masewera aamuna amapyola nthawi zina, koma munthuyo amadyetsa banja lake. Alamu anagula nsalu yatsopano ndi nsapato, nkhani inathera pomwepo. Patangotha mwezi, achemwali anali atakhalanso m'bwato, wotchi m'manja.

Anakhala choncho zaka zisanu ndi zinayi. Pathupi sanatengenso, ndipo alamu ankanena pagulu kuti anakwatira chitsa chouma. Achemwali anasiya kuyankha, anasiya kulira. Alamu akagwedeza bwato, iwo ankangoyang'ana kutali mpaka atatopa okha. Kunyumba ankaphika, ankachapa, ankasoka zovala za anthu pa mashini imene anasiyiridwa ndi azakhali. Ukawachezera ankakufunsa za ana ako mmodzimmodzi, koma za iwo eni sankanena kanthu.

Za tsiku lenilenilo ndinamva kwa mlonda wa pa damu, bambo wachikulire amene anaona zonse ali pamwamba pa khoma. Linali Lamlungu m'mawa, nyengo yotentha, madzi atatsika. Alamu anali atakhala masabata angapo akusaka mlamba wina waukulu umene unkakhala pansi pa mpanda wakale wa waya waminga. Tsikulo anaulasa. Mlambawo unathawira kunsi kwa mpanda, n'kukoka kachingwe ka mkondo, ndipo alamu poutsatira mwendo wawo unakodwa mu waya.

Mlonda anaona chingwe chikugwedezeka m'manja mwa achemwali. Katatu. Kenako katatu kenanso. Kenako chinayamba kungonjanja mosawerengeka. Achemwali anali atachigwira ndi zala ziwiri, maso ali pa wotchi.

"Mayi! Chingwe!" anakuwa mlonda.

Achemwali anadzutsa mutu. "Amasewera choncho bambowa," anayankha. "Mukayang'ane m'bangomo."

Mlonda anayang'ana m'bango, sanaone munthu. Anathamanga n'kuitana amuna awiri amene ankatsuka thirakitala m'mbali mwa damu. Pamene ankafika pa bwato lija ndi bwato lina, chingwe chinali chitasiya kugwedezeka. Anakoka atatu, mpanda wowola uja unathyoka, alamu anatuluka ndi chidutswa cha waya chitawang'amba mwendo kuyambira pabondo mpaka pakakolo. Milomo inali itada bii. Atafika nawo kumtunda, mmodzi wa amuna aja anawapsinya pachifuwa ndi kuwauzira mpweya m'kamwa mpaka anasanza madzi n'kuyamba kupuma mokhoronya.

Achemwali anatsika m'bwato, anakutumula chitenje chawo, anaima pambali.

"Mphindi sikisi ndi theka," anatero. "Akatsitsimuka muwauze. Sanafikepo pamenepa."

Alamu anakhala m'chipatala masabata atatu. Dokotala anati ubongo unakhala nthawi yaitali wopanda mpweya, ndipo chimene chawonongeka chawonongeka. Anatuluka dzanja lamanja likunjenjemera, mawu akukoka ngati woledzera, dovu likutsikira pachibwano. Nkhani ya m'mawa ankaiiwala masana.

Apolisi anabwera kudzafunsa. Achemwali anafotokoza modekha kuti ankaganiza kuti ndi masewera, poti alamu anachitapo kale. Sanavutike kupeza mboni. Msika wonse unkaidziwa nkhani ya chitsa ija, chifukwa alamu eni ake anaifotokoza kwa zaka zisanu ndi zinayi, m'mabala ndi pamaliro pomwe. Wapolisi anatseka kabuku kake n'kumapita.

Ine ndinafunsa kamodzi kokha. Ndinawapeza akusoka pakhonde, alamu atakhala pampando chapatali akuyang'ana nkhuku. Ndinatsitsa mawu.

"Achemwali, kodi munkaganizadi kuti akusewera?"

Sanasiye kupalasa mashini. Anamaliza msoko, anadula ulusi ndi mano.

"Achimwene, Lolemba lija munawameta bwino kwabasi. Ndinawaona atabwera kuchipatala madzulo ake. Analibe ndi kabala komwe."

Ndinafunsa za amayi, tinakambako za mvula, ndinatsanzika.

Achemwali anawasamala alamu chaka chathunthu. Ankawadyetsa pa nthawi yake, ankawasintha zovala, ankawatsuka bala la mwendo. Sanawatukwanepo, sanawamenyepo. Koma sanawalankhulenso ngakhale liwu limodzi. Alamu ankaitana, "Mayi... mayi..." mwina ka makumi awiri, achemwali ali pomwepo akupeta mpunga ngati kukuomba mphepo. Nthawi zina alamu ankalira ngati khanda. Achemwali ankatenga kansalu, ankawapukuta kumaso, n'kubwerera pa ntchito yawo.

Chaka chitatha, m'mawa wina analongedza zovala za alamu m'chikwama, anawagwira dzanja, n'kukawasiya pakhomo pa achimwene aakulu a alamuwo. "Mbale wanu uyu, ali bwinobwino," anatero. Tsiku lomwelo ananyamula mashini yawo n'kusamukira kutauni ina.

Achimwene awowo anayamba ndi shedi. Makina owotcherera anagulitsa sabata yoyamba, njinga yamoto sabata yachiwiri. Alamu anawaika m'kachipinda ka kuseri kosungiramo makala. Mfuti yolasira ija inathera pamoto, ndipo mkondo wake akazi a m'nyumbamo ankatokosera ngalande ikatsekeka.

Kuyambira tsiku la ku damu, alamu ankaopa madzi kuposa mmene achemwali ankawaopera. Kusamba inali nkhondo. Ankawavula kuseri kwa nyumba n'kuwathira ndi payipi ngati galimoto, iwo akukuwa, anthu oyandikana nawo akusuzumira pampanda.

Masana alamu ankayendayenda mumsika, mwendo akukoka. Anzawo akale aja, amene ankagwa pabenchi ndi phwete, anapeza masewera atsopano. Pa bala yoyang'anana ndi kanyumba kanga ankadzaza ndowa ndi madzi otsukira matambula, n'kuika botolo la mowa patebulo.

"A Katumbu, tationetsani zija! Botolo ili ndi lanu."

Alamu ankayang'ana ndowa, ankayang'ana botolo. Mowa ankaufuna. Ankagwada pang'onopang'ono, misozi ikutsika, ndipo nkhope ikangokhudza madzi ankadzuka akukuwa. Ndiye wina ankawagwira pakhosi n'kuwakanikiza m'ndowamo, ena akuwerenga mokweza ndi kuomba m'manja. Akawasiya ankatsokomola, mamina ndi dovu thoo, kenako n'kutambasula dzanja lonjenjemera lija. Nthawi zina ankawapatsa botololo. Nthawi zina ankati sanakwanitse, ayesenso.

Ndinkaziona ndili pakhomo panga. Tsiku lina ndinawoloka msewu n'kunena kuti, "Anthu inu, munthuyu ndi wodwala." Mwini bala anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Wayamba liti chisoni, wometa? Si mlongo wako anamukonza chonchi?"

Onse anaseka, ndipo alamu nawo anaseka, osadziwa chimene akusekacho. Ndinabwerera kukamaliza mutu wa munthu amene ndinamusiya pampando. Sindinawolokenso.

Alamu anakhala moyo umenewu zaka zinayi. M'nyengo yozizira ya chaka chathachi anayamba kutsokomola usana ndi usiku. A m'nyumbamo anati n'chimfine, chitha chokha. Anamwalira m'kachipinda ka makala kaja, ndipo anawatulukira masana, mayi wa m'nyumbamo atapita kukatapa makala ophikira.

Pamaliro panabwera anthu ambiri. Mwini bala analankhula m'malo mwa anzawo, anati dera lataya munthu wansangala amene sankasunga mangawa. Achimwene awo analira mokweza mpaka anthu kuchita kuwagwira. Achemwali anafika mochedwa, atanenepa, atavala diresi losoka okha. Anakhala kumbuyo kwa azimayi. Ena ankawaloza ndi milomo, koma palibe anawayandikira.

Mwambo usanathe anandikodola kuti ndiwaperekeze pokwerera basi. Tinayenda mpaka pamsewu waukulu. Anagula nthochi, anandipatsako ziwiri, anandifunsa ngati mwana wanga wamkazi anakhoza mayeso. Basi itaima, anaika phazi limodzi pakhomo n'kutembenuka.

"Achimwene, mukamva munthu wodziwa kukonza mashini yosokera mundiuze. Yangayi yayamba kudumpha ulusi, ndipo ndili ndi mayunifolomu a sukulu yonse."

Ndinati ndifunsa. Kondakitala anamenya chitseko, basi inanyamuka, ine ndinabwerera kumanda kukathandiza kukwirira.