Imfa Yachiwiri ya Amalume a Levison

Amalume anga a Levison a kwa Chulu amwalirapo kawiri, koma mukapita lero muwapeza ali m'chigafa, akusankha fodya ndi kudandaula za mitengo ya ku okushoni.

Imfa yoyamba inawapeza makuponi a feteleza atangoyamba. Atamva kuti olemba maina akuyambira amasiye, analembetsa akazi awo, a Lefina, ngati mayi woferedwa, eni ake n'kukalembetsa padera ngati mwamuna wosakwatira. Khomo limodzi, makuponi awiri. Lamulungu lake anakhala pabenchi yakutsogolo n'kuyambitsa nyimbo monga mwa masiku onse. Wina akawafunsa ankangoti, "Boma ndi kholo. Mwana akalirira bere kawiri walakwa?"

Yachiwiriyo ndinaiona ndi maso, nditangobwera kumene ku Joni ndi foni yaikulu komanso nzeru zimene palibe anandipempha. Mwana wawo Ezelina anali atasankhidwa kupita ku yunivesite. Fodya wa chaka chimenecho sakanalipira ngakhale teremu imodzi, choncho panali njira ziwiri: ngongole ya boma ya ophunzira, kapena Ezelina akhale pamudzi azisoka fodya mpaka atapezeka womukwatira. Ngongoleyo amafunsira pa intaneti, ndipo ankatseka Lachisanu.

Netiweki pakhomopo imapezeka malo amodzi, pamwamba pa ngolo kuseri kwa khola. Ndinakwera, banja lonse lili pansi likundiyang'ana ngati mlaliki.

"Akufunsa ngati makolo ali moyo," ndinawerenga.

"Lemba kuti bambo anamwalira," anatero amalume.

"Bambo akewo ndinu, malume."

"Ndiye ndikukuuza mwini wakene. Ukufuna ukamve kwa ndani?"

"Ababa, izi si za makuponi," anatero Ezelina.

"Iwe khala chete. Boma ndalidziwa usanabadwe. Munthu wa makolo awiri salimva chisoni."

A Lefina anaomba m'manja kamodzi. "Bambo a Ezelina, mwayambanso? Ulendo uja ndinavala duku lakuda mwezi wathunthu, alangizi a zaulimi akundipepesa inu mukupalasa njinga kuseri kwawo!"

Ndinalemba zomwe anandiuza. Foni nayo inayankha zake: ikufuna kalata yodinda yochitira umboni imfayo. Apa panavuta. Amfumu a pamudzipo amakumana ndi amalume tsiku lililonse pa bawo. Koma amalume ndi mkamwini, kwawo kwenikweni ndi kwa Kaomba, kumene anali atatha zaka osapondako. Anaitana a Lucious, bambo wa kabaza, n'kuwatuma: "Mukawauze amfumu a kwathu kuti Levison anamwalira, alembe kalata adinde. Zinazo ndidzawafotokozera ndekha."

A Lucious anakapeza amfumuwo atachokapo. Poti dzuwa linali litapendeka, uthengawo anausiya kwa amayi amene anawapeza pamjigo.

Lachisanu m'mawa tinamva kulira kuchokera kunjira ya kudimba. Galimoto ya matola inali itatsitsa anthu a kwa Kaomba, amayi patsogolo atamanga zitenje m'chiuno, akuitana dzina la amalume ndi la agogo awo omwe. Anthu a pamudzi anasiya makasu n'kuthamangira kwa amalume, ena akuyamba kulira asanafunse kuti wafa ndani. Netiweki ya ku Joni ndinaitama kwambiri, koma uthenga wa maliro sinaupose.

Amalume anatuluka m'chigafa masamba a fodya ali m'manja.

Mlongo wawo, a Fainala, anakuwa n'kugwera m'mizere ya mtedza. Kulira kunaduka ngati wailesi yathera mabatire. Mng'ono wawo Esau yekha sanaone kanthu, chifukwa iye potsika galimoto sanapite kusiwa, analunjika kukhola. Anatulukira akukoka ng'ombe yapangolo ndi chingwe chimene anachokera nacho kwawo.

"Esau! Ng'ombe yanga ukupita nayo kuti?"

Esau anaima, n'kuwayang'ana kuyambira kumapazi. "Achimwene, muli moyo?"

"Zakukhumudwitsa?"

"Ayi, ndimati ndiisamale. Pamaliro pamayenda akuba."

"Ndamuona kale mmodzi!"

Amfumu a pamudzi anafika akuseka, koma mlandu anauzenga ndithu. Uthenga wa maliro sutuluka m'mudzi usanadzere kwa mfumu, ngakhale maliro ake akhale abodza. Chindapusa chake mbuzi. Ndiye panali alendo aja: munthu wobwera kudzakulira sabwerera ndi njala, ngakhale atakupeza uli moyo. Mbuzi ina inagwa. Amalume anakhala pampando wawo akuyang'ana anthu akudya maliro awo, a Fainala akuwatsina pamkono kuti atsimikize.

Nkhani ya ngongole aliyense anali ataiwala, kupatula mwini wake. Ezelina anandipeza ndikujambula Esau akubweza ng'ombe.

"Asuweni a ku Joni, bweretsani foniyo. Inuyo mwaphedwa ndi mantha a amalume anu."

Anakwera pangolo yekha, diresi atalipinda m'maondo. Pamene ndinalemba kuti bambo anamwalira anafufutapo, n'kulemba kuti ali moyo. Pa ntchito ya kholo analemba kuti mlimi wa fodya. Pa zimene banja limapeza pachaka anaika zoona zokhazokha, zochititsa manyazi momwemo. Amalume anamuona ali patali.

"Ezelina! Usandidzutse! Ndawonongera kale mbuzi ziwiri imfa imeneyi!"

"Mwadzuka kale, ababa. Mboni ndi izi zikudyazi."

Netiweki inathawa, inabwera, inathawanso. Ezelina anaimirira pa thayala foni ataikweza m'mwamba mpaka inavomera kuti zapita.

Maina atatuluka, la Ezelina linalipo. Ndinathamangira kuchigafa kukawauza amalume, ndikuyembekeza kuti mwina aphunzirapo kanthu. Anapukuta manja pa buluku, n'kupempha kuti ndiwawerengerenso.

"Analemba kuti ndimalima fodya?"

"Eya, malume."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Basi, n'chifukwa chake. Boma likudziwa kuti mlimi wa fodya ndi maliro oyenda. Kalata inali yosafunika n'komwe."

Ezelina ananyamuka mvula isanagwe, chikwama chili pa kaliyala ya a Lucious.